Atsibweni abwerako ku Lilongwe, ndipo ali ndi mawu

Adimini: Moni nonse pagulu lathu lino la a ku Salima. Atsibweni a ku Lifuwu amene tinkawasowa aja atulukira. Akuti anali ku Lilongwe. Ee, munthu yemwe uja anatilumbirira pompano kuti malire ake ndi pa Kaphatenga. Atsibweni, bwalo ndi lanu.

Atsibweni a ku Lifuwu: Zikomo a Adimini. Musandiseke, sindidapite mwakufuna kwanga. Mwana wa mlongo wanga wapeza mbeta kumeneko, ndiye chinkhoswe sichikadatheka popanda mwinimbumba. Ndidawauza kuti bwerani nacho kuno, tikhale pansi pa mango, mpunga ulipo, nsomba zilipo. Akuti ayi, akuchikazi onse ali m'tauni. Ndiye ndidakwera.

Mpaka pa Kanengo ulendo ndilibe nawo mlandu. Tidanyamuka pa Kamuzu Road m'mamawa, kukwera zitunda za ku Mvera makutu akutsekeka, pa Chezi amayi kutipanikiza ndi tomato pawindo. Koma kungokhota kulowa mu M1, ulendo udathera pomwepo. Galimoto kutsogolo, galimoto kumbuyo, mathanki a mafuta, malole a fodya, njinga zamoto kulowerera paliponse pamene bondo lingakwane. Dalaivala kuzimitsa injini, kuliza, kusuntha pang'ono, kuzimitsanso.

Nanga mu depoti! Ndisanaponde pansi bwinobwino chikwama changa chinali kale m'manja mwa anyamata. Uyu akuti Blantyre madala, uyu akuti Mchinji, uyu Dedza, pamene ine ndangotsika kumene. Anthu ake ngati nkhungu zikamatuluka pa nyanja, kuti tsono uone kumene akuchokera kapena kumene akupita, ayi ndithu. Ndidaima pafupi ndi mayi wina wogulitsa nthochi, ndidampatsa moni, iye n'kundiyankha kuti "zingati?"

Nabanda wa Usipa: Kkkkk koma Atsibweni! Mayiyo sadalakwe, moni sagula ufa kumene kuja. Ine njira imeneyo ndimayenda sabata ndi sabata ndi madengu anga. Chinsinsi chake n'kulawira. Ukafika dzuwa lisanatuluke msewu umakhala wako, umatsitsa katundu, oodetsa amakupeza, pofika 10 koloko wamaliza. Inu mudalowa nthawi yomwe aliyense akuthamangira kuntchito ndi kukasiya ana kusukulu.

Ndipo chikwama osachisiya kuti wina akunyamulireni musanagwirizane mtengo. Foni m'thumba la mkati. Ndalama osatulutsa zonse pagulu.

Dalaivala wa M14: Nabanda akunena zoona. Komanso vuto la Lilongwe ndi loti mtsinje udaudula mzinda pakati. Msika waukulu, depoti, mzikiti, Malangalanga, Kawale, Biwi, Mchesi, zonsezi zili tsidya lina, pomwe maofesi ambiri ali tsidya linalo. Ndiye m'mawa onse amathamangira mbali imodzi, madzulo onse kubwerera, ndipo milatho yake njowerengeka. Mlatho wa m'tauni uja adaukulitsa ndi thandizo la dziko la Japan, zidapepukako, koma galimoto zikuchulukirachulukira. Aliyense akangopeza kangachepe amaitanitsa yake, ina n'kuisandutsa takisi.

Pa Area 18 paja mudadutsa pa mlatho wamsewu pamwamba pa msewu unzake, mudauona?

Atsibweni a ku Lifuwu: Ndidauona achimwene, ngwokongola, sindikana. Koma ndidaonanso gogo wina ndi mtolo pamutu ataima m'mphepete, akudikira mpata woti awoloke, galimoto zili fyuu fyuu. Ife tidadutsa iye ali chiimire. Ndiye funso langa n'lakuti, misewu imeneyi adamangira ndani? Chifukwa anthu amene ndidawaona ochuluka ndi oyenda pansi.

Tsono tamverani iyi. Mnyamata wathuyo amakhala ku Area 36. Akuchikazi amakhala ku Area 25. Pokakumana ndi ankhoswe anzanga ndidati tiyeni tingoyenda wapansi, tidutse 35, 34, 33, tikafika. Ana adagwa nazo pansi kuseka. Kuteroko 36 ili kumwera njira ya ku Dedza, 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo komwe ndidadutsa pobwera. Minibasi ziwiri, kutsika mu tauni, kuyenda, kukweranso. Moni wa apongozi wokhawo adadya ndalama yoti kuno ndikadalipira aganyu opalira ndime yathunthu.

Mwana wa Salima ku 25: Atsibweni mukadandiuza kuti muli kwathu kuno bwenzi nditakuphikirani nsima. Za manambalazo musadandaule, ngakhale ife tidazolowera mochita kuloweza. Area 24 ili cha ku Ngwenya, kutali kwambiri ndi 25. Koma 18, 47 ndi 49 n'zoyandikana. Osafunsa chifukwa.

Mphunzitsi Wopuma: Chifukwa chake chilipo, mwanawe. Manambalawo sadaperekedwe potsata kuti dera ili layandikana ndi liti, ankapereka motsatana ndi mmene maderawo ankakhazikitsidwira. N'chifukwa chake 1, 2 ndi 3 zili ku tauni yakale.

Ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, poti madandaulo a Atsibweni ali ndi gwero. Lilongwe idali boma wamba la atsamunda ndi msika wa alimi a fodya. Likulu lidali ku Zomba. Kamuzu ndiye adalimbikira zoti likulu libwere pakati pa dziko kuti chitukuko chisamangothera kumwera. Angerezi sadafune kuikapo ndalama, ngongole yoyambira idachokera ku South Africa, nthawi imeneyo dziko la tsankho lomwe maiko ena a mu Africa ankalisala. Mu 1968 adakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation loti limange mzindawo, ndipo mu 1975 Lilongwe idakhala likulu. Nyumba ya Malamulo yokha idatsalira ku Zomba mpaka ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, ndipo chinyumba chomwe aphungu akukumaniramo panochi chidatsegulidwa mu 2010, chomangidwa ndi a ku China.

Tsono amene adajambula mapulaniwo adafuna mzinda wotakasuka, wa mitengo. Maofesi a boma pa Capital Hill, mabanki ku City Centre, mafakitale ku Kanengo, malonda ku tauni yakale, pakati pake tchire. Nyumba za mabwana adaziika kufupi ndi maofesi, za anthu wamba kutali. Wokhala ndi galimoto zidamukomera. Wopanda galimoto ndi uja akulipira minibasi ziwiri mpaka lero.

Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe. Boma lathu lonse la Salima, kuyambira kwa Khombedza mpaka kwa Ndindi, lidali ndi 478,346. Ndiye Atsibweni adalowa malo amene muli anthu owirikiza kawiri boma lathu lonse, ndipo chiwerengerocho n'chakale, pano adapitirira.

Nachisale wa ku Chipoka: Aphunzitsi mukayamba simuona kuti belu lalira kkkk. Koma zikomo, za South Africa sindinkazidziwa. Mitengo mukunenayo ndiye ikutha. Pokuza msewu wa Kenyatta uja kuti ukhale wa mizere 6 adagwetsa mitengo yambirimbiri, anthu adalira pa Facebook mpaka kutopa.

Dalaivala wa M14: Walira mvula walira matope, asisi. Anthu omwewo ankalira mpanipani. Ine msewu umenewo ndimaudalitsa.

Nachisale wa ku Chipoka: Mumaudalitsa poti muli pa chiwongolero. Tayendani wapansi mwezi wa Okutobala muone ngati mudalitse.

Atsibweni a ku Lifuwu: Ine dzuwa lake sindidalione. Ndidapita mwezi wa Julaye uno, chisanu chake cholowa m'mafupa. Kuno mwera ukaomba timati kwazizira, koma kuja n'kumtunda, madzi osamba m'mawa amachita kuluma. Ndidagona ndi jekete.

Koma chimene chidandikhudza si chisanu. Ndi mmene mwana wathu akukhalira. Ife kuno timati ali pantchito ku Lilongwe, akudya bwino, tikamuimbira foni timangotchula mavuto athu. Ndidakapeza mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, mkatimo zitseko zondondozana, khomo lililonse banja lake. Iye ali ndi chipinda ndi pabalaza pomwe mipando iwiri yadzaza. Bafa ndi chimbudzi n'zogawana, m'mawa umaima pamzere ndi ndowa yako. Mpopi ulipo umodzi pabwalo, koma masana udali wouma. Usiku pakati ndidamva zigubu zikugundana, ndidadzuka kuganiza kuti kwabwera akuba. Ayi, madzi abwera. Amayi onse a mumpandamo ali panja ndi zitenje kumutu, kutunga mwakachetechete kuti asadzutse alandilodi.

Makala amagula a m'kajumbo, okwana kuphikira kamodzi. Ndipo tsiku lina mlongo wake adabwera ndi usipa wa pamsika kuti asangalatse atsibweni. Kamulu kake ndikadatha kuwerenga ndi zala, wofiira kale, wowawa. Nditafunsa mtengo ndidasiya kutafuna. Kuno usipa wotero alovi amangokupatsa ukawathandiza kukoka boti.

Nabanda wa Usipa: Apo ndiye mwandiponda chala. Musaganize kuti ndalamayo timadya ndife. Ine ndimagula pa Nguwo, ndipo masiku a mwera ngati ano maboti sapita, mtengo umakwera pagombe pomwepo. Ndiufutse, nkhuni ndagula. Ndiuyanike pathandala, ndalipira. Dengu m'galimoto limalipira, wonyamula mu depoti alipidwe, chiphaso cha msika ndidule. Amene amandiooda naye akaugulitse kwa mayi wa kabenchi ku 36, mayiyo ndiye aike timilu. Aliyense mwa anthu amenewa ali ndi ana. Ukamafika m'mbale mwanu wadutsa m'manja ambiri.

Koma wowawawo ndiye sudali wanga, ndikane.

Mphunzitsi Wopuma: Za madzizo n'zimene zikutikhudza ife a Salima mwachindunji. Mzinda wonse uja umadalira mtsinje wa Lilongwe, womwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo madzi amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Nkhalangoyo ndi yomwenso ikutha ndi makala ophikira mumzinda momwemo. N'chifukwa chake padabwera ntchito yoti apope madzi a m'nyanja kuchokera kuno, mapaipi opitirira makilomita 100, kukwera zitunda zonse zija za ku Mvera. Nyanja ili pansi, Lilongwe ili pamwamba ndi mamita oposa 500, ndiye madziwo sangayende okha, afunika magetsi ambiri owakankha.

Nachisale wa ku Chipoka: Ndiye onani. Nsomba zathu zipite, mpunga wa ku Lifuwu upite, shuga wa ku Salima apite, magetsi a dzuwa a pa Nanjoka aja alowe mu mawaya apite, tsopano ndi madzi omwe. Ife titsale ndi chiyani, mchenga? Pali midzi kuno yoti nyanja ikuoneka ndi maso koma amayi akulimbirana mjigo umodzi. Paipi ikadutsa pakhomo pawo osawasiyirako dontho ine ndidzalankhula.

Mwana wa Salima ku 25: Asisi, amanena kuti madera a m'njira nawonso adzamwa nawo. Tiyeni tidikire tione. Koma musamayankhule ngati ku Lilongwe kumakhala adani. Madziwo tidzamwe ndife, ana anu.

Mnyamata wa Kabaza: Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndiyankhepo. Pepani Atsibweni ngati ndilakwitse, ndine mwana. Kwathu ndi kwa Khombedza, ndili ku Lilongwe kuno ndimayendetsa njinga yamoto. Njinga zimene mukuti zimalowerera paliponsezo, mmodzi mwa iwo ndine. Khwimbi limene lidakutopetsani mu depoti lija, mukadafunsa mmodzimmodzi kwawo mukadamva Salima, Dowa, Ntchisi, Dedza, Nkhotakota. Obadwira konkuno ndi ochepa pa siteji pathu.

Ine ndidalemba Fomu 4, ndidakhoza. Ndidakhala pakhomo, munda wa amayi ndi umodzi, ana tilipo ambiri. Ndidayesa ulovi, tinkachezera usiku wonse pamadzi kubwerako ndi zigoba zosakwana n'kugula mafuta omwe. Thonje ndiye mukudziwa nokha mmene lidathera. Ndikadatani? Njinga si yanga, mwini wake amafuna yake tsiku lililonse, kaya kwagwa mvula kaya mafuta asowa ndagona pamzere. Yotsalayo ndiye ndidye, ndilipire lendi, nditumize kumudzi pa foni. Tikamathamanga si kuti timakonda kufa. Anzathu ambiri avulala, ena tidakawasiya kumudzi m'bokosi. Koma ukayenda pang'onopang'ono madzulo ulibe chopereka kwa bwana.

Moni timaudziwa Atsibweni, adatiphunzitsa makolo. Kungoti ukaima kuti ufunse za kunyumba, kasitomala wakwera ya mnzako.

Atsibweni a ku Lifuwu: Mwana wanga, sudalakwitse. Ndakumva. Ndipo amene adandinyamula kuchoka pa siteji kukafika kunyumba tsiku lofika adali mnyamata wa kwa Pemba, ndidamuzindikira ndi kayankhulidwe. Atamva kuti ndine wa ku Lifuwu adandifunsa ngati mpunga wacha bwino chaka chino, n'kukana kulandira ndalama yonse. Chipewa choteteza mutu adalibe, iye ngakhale ine. Chimenecho chokha ndiye ndikudandaulira, gula chipewa. Mayi ako akufuna iweyo kuposa ndalama ya pa foniyo.

Koma maganizo anga sadasinthe. Malo amene mwana wakhalidwe amachita kusowa nthawi yopereka moni, ine sindingawatche abwino.

Mwana wa Salima ku 25: Abwino kapena oipa, mukadwala matenda aakulu achipatala cha pa Salima amakutumizani konkuno ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Mwana akafuna koleji, ntchito, ngakhale kukwera ndege pa Lumbadzi, njira ndi yomweyi. Ifenso timalakalaka kwathu. Muone Khirisimasi mmene timadzazira pa Senga Bay.

Nachisale wa ku Chipoka: Ndi kutisiyira mabotolo pamchenga.

Dalaivala wa M14: Kkkk asisi lero mwadzuka ndi ndewu. Koma chimene chimandipweteka ine ndi njanji. Aphunzitsi atikumbutse, si mu 1979 pomwe idafika ku Lilongwe kuchoka kuno?

Mphunzitsi Wopuma: Ndi momwemo, ndi thandizo la dziko la Canada, kenako adaipitiriza mpaka ku Mchinji. Kuno ku Salima njanji idafika kale mu 1935. Sitima ya anthu ikadamayenda bwenzi Nabanda akukweza madengu ake motchipa, ndipo malole ena aja a pa Kanengo sakadakhala pamsewu.

Dalaivala wa M14: Ngakhale ikadandilanda makasitomala, ndikuvomera.

Adimini: Anthuni, takambirana misewu, madzi, njanji, koma chimene Atsibweni adapitira sitinamve. Chinkhoswe chidayenda bwanji?

Atsibweni a ku Lifuwu: Mbeta tapeza yabwino, mwana waulemu, makolo ake ndi anthu. Pamenepo ndilibe mawu. Koma mwambo wake, abale anga. Adachita kubwereka malo ku Area 47, kapinga wobiriwira, matenti oyera, mipando yovekedwa nsalu. Malowo ngolipira pa maola, ndiye chilichonse n'chothamanga. Mnyamata wa chimkuzamawu ndiye adali mfumu ya tsikulo. Ine nkhoswe, amene ndidzadzutsidwe usiku banjali likadzayamba kukhosomola, adandipatsa mphindi zochepa, ndisanamalize n'kulangiza komwe nyimbo yayamba kale.

Tambala tidapereka, thadzi tidalandira, izo zidachitika. Koma tambalayo adagulidwa m'mawa womwewo pamsika, atamangidwa riboni. Khasu, nkhwangwa, lichero, mthiko, zonse zidalipo, zatsopano, zokutidwa m'mapepala onyezimira. Ndidadzifunsa kuti khasuli akalima nalo pati, poti pakhomo paja ngakhale pobzala mpiru palibe. Atsikana ophimbidwa nsalu aja adabwera nawo, mnyamata kukana woyamba, kukana wachiwiri, anthu kuseka, pamenepo ndidasangalala nawo. Kenako perekaniperekani, ameneyo ndiye adatenga tsiku lonse. A kuntchito kwa mkwati, a kutchalitchi kwa mkwatibwi, anzake a kusukulu, aneba. Amene alibe ndalama m'manja akuti nambala ya foni iyo, tumizani. Wosintha ndalama zing'onozing'ono ali pakona ndi tebulo lake.

Chakudya chidabwera m'timabokosi, aliyense kulandira kake n'kumapita. Achibale a mbali ziwiri sitidakhale pansi n'kudyera limodzi. Mpaka pano azakhali a mkwatibwi sindingawazindikire titakumana panjira.

Nabanda wa Usipa: Zimenezo si za ku Lilongwe kokha Atsibweni, zafika kuno. Pitani m'malo ogona alendo a ku Senga Bay Loweruka muone. Ndipo perekaniperekaniyo musamunyoze, ndi amene amabweza ndalama ya matenti. Anawo amalowa ngongole kuti inu mukhale pa mpando wa nsalu.

Atsibweni a ku Lifuwu: Ndani adapempha mpando wa nsalu? Ine mphasa imandikwana.

Mwana wa Salima ku 25: Nanga simudaoneko malo ena? Bwalo la mpira la Bingu, chiliza cha Kamuzu, Nyumba ya Malamulo?

Atsibweni a ku Lifuwu: Bwalo ndidaliona patali tili m'minibasi, n'lalikulu zedi. Enawo ayi. Kumene adanditengera ndi ku msika wa kaunjika wa Tsoka kuti ndikagule jekete lina. Kumeneko ndiye ndidaona nzeru za anthu. Pamtsinje adakhoma timilatho tamitengo, togwedera, pansi madzi akuda a zinyalala, ndipo kuti uwoloke umalipira kwa mwini mlatho. Munthu kukhala ndi mlatho wakewake! Ndidaseka ndekha ndili pakati pake, kwinaku nditagwiritsa. Jeketelo ndiye ndidapeza labwino, mtengo adayamba ndi kumwamba, mwana wa mlongo wanga kunenerera mpaka kutsika ndi theka.

Nachisale wa ku Chipoka: Mwaona, chabwino chimodzi chapezeka.

Atsibweni a ku Lifuwu: Jekete logulira chisanu chawo chomwecho. Kuno ndilivala liti?

Mnyamata wa Kabaza: Kkkk Atsibweni simugonja. Za chipewa ndamva, mwezi ukatha ndigula. A Dalaivala, muli mbali ino mawa? Ndili ndi thumba la feteleza ndi kakatoni ka sopo zoti zipite kwa amayi. Mng'ono wanga akhoza kudzalandira pa Kaphatenga.

Dalaivala wa M14: Ndilipo. Ubwere nazo pa Kanengo isanakwane 2 koloko, ulembe dzina ndi nambala pathumbapo. Katoni ndinyamula ulele poti ndi ya amayi, koma feteleza alipira. Ndipo mng'ono wakoyo aime kumsewu, ine sindidikira munthu.